Mowa wogona chaka mumgolo wa kachasu wa ku Kentucky

Achimwene munandifunsa pa WhatsApp ngati kuno ku Chicago kuli mowa woposa Green wa kwathu. Yankho ndi ili, ndipo nonse a kumudzi mumvere limodzi.

Kuno Lachinayi la nambala 4 mu Novembala ndi Thanksgiving, tsiku la tchuthi lothokoza, ndipo mawa lake ndi Black Friday, tsiku lomwe anthu amakanganirana ma TV otsika mtengo. Koma pali gulu lina losalabadira za ma TV. Iwowa amalawirira kukaima pamzere kunja kwa sitolo za mowa, kudikirira Bourbon County Brand Stout wa kampani ya Goose Island, mowa womwe umatuluka kamodzi pachaka. Mnzanga wina wa kuntchito ndiye ananditengera kumeneko, titangoweruka ntchito ya usiku. Kunazizira! Dedza ya mu Juni ndi masewera. Ndinavala majuzi awiri ndi jekete, koma zala zakumapazi zinachita dzanzi, ine n'kumadzifunsa kuti munthu wamkulu ngati ine, wosiya ana ku Chilomoni, ndikufera mowa pamzere ngati ndi feteleza wa makuponi?

Pamzerepo ndi pomwe ndinamva mbiri yake, ndipo yomwe inandigwira mtima ndi ya chimanga. Bourbon ndi kachasu wa ku America, ndipo wambiri amatchezedwa ku Kentucky. Lamulo limati mbewu zake, zosachepera 51 pa 100 zikhale chimanga, komanso agone mumgolo watsopano wa mtengo wa oak wowaulidwa ndi moto mkati mpaka kuchita makala. Watsopano nthawi zonse. Ndiye mgolo ukagwira ntchito kamodzi, eni ake amaugulitsa: ina imapita ku Scotland kukasungira whisky, ina amagula ophika mowa. M'zaka za m'ma 1990, Greg Hall, wophika mowa wa ku Goose Island, anatenga migolo ya kampani ya bourbon ya Jim Beam n'kuthiramo mowa wakuda, ndipo lero makampani ambiri akuchita zomwezo. A Founders ku Grand Rapids, m'chigawo cha Michigan, amasunga wawo wotchedwa KBS pansi pa nthaka, m'migodi yakale.

Mgolo umodzi umalowa malita pafupifupi 200. Mowawo umakhalamo miyezi yambiri, pafupifupi chaka. Kukatentha umalowerera m'matabwa, kukazizira umatulukamo utatenga fungo la kachasu wakale uja ndi la makala. Ndinakumbuka agogo aakazi akuphika masese, omwe pakangotha masiku ochepa akhala atasasa. Kuno akudikira chaka, mowa osawonongeka.

Ndinagula mabotolo awiri a theka la lita. Mtengo wake sindikuuzani, mungakauze mayi a ana.

Madzulo tinatsegula limodzi kwa mnzanga uja. Anatulutsa timatambula tating'ono tamimba, n'kuletsa kuti botolo likhale lozizira kwambiri, akuti kuzizira kumabisa kukoma. Atathira, ndinaona zakuda bii ngati oyilo wotha ntchito mu minibasi, zolemera, kathovu kofiirira kongooneka pang'ono n'kuzimirira. Ukapendeketsa tambula, mowawo umasiya chizindikiro m'mbali ngati uchi. Fungo lake ndi la chokoleti, khofi, ndi shuga wopserera pansi pa poto. Pakamwa umayamba ndi kutsekemera, kenako kakuwawa ka chimanga chokazinga chomwe chapitirira pamoto, ndiye pamapeto kamoto kotsika pakhosi mpaka pachifuwa, kofanana ndi ka mutu wa kachasu koma kaulemu.

Cholakwa changa chinali chimodzi. Green ali ndi mphamvu pafupifupi 5 pa 100, pomwe uyu amafika 14 kapena kuposa. Mnzangayo ankangonyambita, tambula imodzi kwa ola lathunthu, uku akununkhiza ngati akusankha fodya ku okushoni. Ine ndinamwa chikwathu, kupendeketsa mutu kawiri basi, n'kupempha kuti andiwonjezere. Poimirira, miyendo inakana kuti si yanga. Ndinagona pampando wa eni ake nditavala nsapato, ndipo matsire a m'mawa mwake sindinawaonepo chiyambire.

Tsono kodi ukuposa Green? Kukoma, inde, sindinama. Koma si mowa wa pa bawo kapena wa ku Lake masana dzuwa likuswa mtengo. Kumeneko ungakugwetse usanamalize nkhani. Ndi wa usiku wautali, kunja kukugwa chipale, anthu atatu kugawana botolo limodzi. Ndipo kutsekemerako, ukafika tambula yachiwiri, kumayamba kukola.

Botolo linalo ndalibisa m'kabati kuseri kwa thumba la ufa. Akuti limatha kukhala zaka zisanu likukomerakomera. Ndidzabwera nalo, achimwene, koma mudzakonzeretu timatambula ting'onoting'ono, ndipo nsapato mudzavuliretu.