Maiko awiri, dziko limodzi, kapena kungogwirizana ndi Aluya oyandikana nawo: njira iti ingathetse za Israel ndi Palestine?

Nkhani imeneyi ikangoyamba pa gulu lathu la WhatsApp la kumpingo imathera pokangana basi, ena amvekere Israel ndi mtundu wosankhika osaukhudza, ena akuponya zithunzi za ana a ku Gaza, ndiye palibe amene amafika pa funso loti nanga nkhondoyi ingathe bwanji. Ine zimandiwawa zimenezi. Nde ndati ndiike pambalambanda njira zitatu zomwe akuluakulu a maiko amakambirana tizione bwinobwino.

Poyamba tidziwe kaye kukula kwa malowa. Gaza ndi kadera kakang'ono, mulitali makilomita ngati 41, sikafika ngakhale mtunda wa Blantyre kukafika Zomba, koma muli anthu oposa 2 miliyoni. Mukaphatikiza Israel, West Bank ndi Gaza, Ayuda alipo pafupifupi 7 miliyoni, anthu a mtundu wa Palestine nawonso chimodzimodzi. Nambala imeneyi muisunge, ibweranso.

Njira yoyamba ndi yodula malire, pakhale maiko awiri. Ndi yakalekale, bungwe la UN linavomereza zogawa dzikoli mu 1947, Aluya anakana, nkhondo inabuka mu 1948 ndipo anthu a ku Palestine pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi mwawo, eni ake amati Nakba, mpaka lero mabanja ena amasungabe makiyi a nyumba zomwe agogo awo anasiya. Mu 1967 Israel analanda West Bank, Gaza ndi kum'mawa kwa Jerusalem, ndipo malo amenewa ndi omwe amati akhale dziko la Palestine. Mu 1993 Yitzhak Rabin, nduna yaikulu ya Israel, ndi Yasser Arafat, mtsogoleri wa anthu a ku Palestine, anagwirana chanza ku White House pa mgwirizano wa Oslo, anthu n'kumati basi zatheka. West Bank anaidula zigawo A, B ndi C, amvekere n'zongoyembekezera zaka zisanu. Chigawo C, chomwe ndi pafupifupi 60 peresenti ya malo onse, chikadali m'manja mwa Israel mpaka pano. Rabin anaphedwa mu 1995 ndi Myuda mnzake wodana ndi mgwirizanowo, a Hamas, gulu la zida la ku Palestine, nawo ankaphulitsa mabomba m'mabasi, zokambirana za ku Camp David mu 2000 zinakanika, kenako magazi okhaokha.

Ubwino wa njirayi ndi woti ili ndi mapepala ake, ili ndi mapu, ndipo maiko oposa 150 anavomereza kale kuti Palestine ndi dziko, Britain, France, Canada ndi Australia analowa pa mndandandawu mu September 2025. Maiko a Aluya nawonso mu 2002 ku Beirut analonjeza kuti Israel akabwerera pa malire a 1967 onse apanga naye ubale.

Koma vuto ndi nthaka abale anga. Nthawi ya Oslo Ayuda omanga midzi yawo mu West Bank analipo ngati 110,000, pano ndi pafupifupi 500,000, osawerengera enanso oposa 200,000 kum'mawa kwa Jerusalem. Ali ndi misewu yawo, galimoto zawo zimakhala ndi nambala yachikasu zimangodutsa, pomwe munthu wa ku Palestine amaima pa rodibuloko kudikira msilikali aone chitupa chake. Ku Hebron, mzinda wa mu West Bank, kuli msewu wa Shuhada, kale unali pamsika podzaza anthu, pano mashopu ake anakhomedwa ndipo eni nyumba ena saloledwa kutulukira khomo la kumsewu. Mu 2005 nduna yaikulu ya Israel Ariel Sharon atachotsa Ayuda 8,000 okha ku Gaza zinatengera asilikali kuwanyamula m'nyumba akulira, nanga 500,000? Komanso mantha a Israel si abodza ayi, atachoka ku Gaza a Hamas analanda deralo mu 2007 n'kupitiriza kuponya maroketi, ndipo mapiri a West Bank ayang'anizana ndi Tel Aviv ndi bwalo la ndege la Ben Gurion, pena dzikolo mulifupi ndi makilomita 15 okha kufika kunyanja. Mbali ya Palestine nayo utsogoleri unagawikana, Mahmoud Abbas anasankhidwa mu 2005 ndipo chisankho china cha pulezidenti sichinachitikenso, ndiye wosainira anthu onse ndi ndani.

Njira yachiwiri ndi ya dziko limodzi, munthu aliyense voti imodzi, Myuda ndi Mluya ufulu wofanana. Ife kuno imatikoka mtima chifukwa tinaona South Africa mu 1994. Palibe wosamutsidwa, palibe kudula Jerusalem pakati. Ndipo chitsanzo chilipo pang'ono, mu Israel momwemo muli nzika za Chiluya pafupifupi 2 miliyoni, amavota, ali ndi aphungu ku nyumba ya malamulo ya Knesset, ambiri ndi madokotala m'zipatala, mu 2021 chipani cha Aluya cha Mansour Abbas chinalowa mpaka mu mgwirizano wa boma.

Apa ndi pomwe nambala ija ikubwera. Anthu 7 miliyoni uku 7 miliyoni uko, kuphatikizanso othawa kwawo oposa 3 miliyoni olembetsedwa ku UNRWA, nthambi ya UN yosamalira othawa kwawo a ku Palestine, omwe ali ku Jordan, Lebanon ndi Syria ndipo angafune kubwerera, ndiye kuti Ayuda sakhalanso ochuluka. Anthu amene abale awo 6 miliyoni anaphedwa ku Ulaya pa nthawi ya Hitler, anamanga dzikolo ndi cholinga choti asadzakhalenso ochepa m'manja mwa ena, simungawauze kuti khulupirirani voti, makamaka pambuyo pa chiwembu cha Hamas cha pa 7 October 2023. Ku South Africa a ANC anali atalemba kale mu 1955 kuti dziko ndi la onse okhalamo, akuda ndi azungu omwe, ndipo azunguwo anavota okha mu 1992 kuvomereza zokambirana za De Klerk. Ku Israel ndi Palestine kulibe chipani chachikulu mbali iliyonse chomwe chikunena zotero. Chomwe ine ndimaopa n'choti dziko limodzilo likubwera kale mwakachetechete koma lopanda voti yofananayo, mu West Bank Myuda akuweruzidwa ku khothi wamba, wa ku Palestine wa mudzi woyandikana ku khothi la asilikali. Khothi la padziko lonse la ICJ mu July 2024 linanena kuti kukhalabe kwa Israel m'malo olandidwawo n'kosemphana ndi malamulo.

Yachitatu ndi yomwe Netanyahu ndi Trump amaikonda, kupanga ubale ndi maiko a Aluya, za Palestine n'kuziika pambali. Mu 2020 UAE, Bahrain, Morocco kenako Sudan analowa mu mgwirizano wopanga ubale ndi Israel wotchedwa Abraham Accords. Tinene zoona, iyi yokha ndi yomwe yaoneka zipatso msanga, ndege zikuuluka pakati pa Tel Aviv ndi Dubai, malonda akuyenda. Aliyense anapatsidwa kake, Morocco America inamuvomereza kuti dera la Western Sahara ndi lake, Sudan anamuchotsa pa mndandanda wa maiko othandiza zauchifwamba. Ena amati taonani Egypt, anasaina mu 1979 mpaka lero sanamenyanenso ndi Israel. Eya, koma Egypt anabwezeredwa Sinai yense, ndi nthaka yomwe inagula mtendere umenewo. Wa ku Jenin mu West Bank kapena Khan Younis ku Gaza anapezapo chani pa za 2020? Mu 2023 Saudi Arabia inali pafupi kulowa nawo, pa 7 October a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 n'kugwira ena ngati 250, zauchinyama zosaneneka, Israel pobwezera anasandutsa Gaza bwinja, unduna wa zaumoyo kumeneko unawerenga akufa oposa 60,000, ana ndi amayi ambirimbiri. Pano Saudi ikuti sipanga ubale popanda njira yopita ku dziko la Palestine.

Ifenso nkhaniyi ikutikhudza ndithu. Kamuzu sanadule ubale ndi Israel mu 1973 pomwe maiko ambiri a mu Africa anadula, Malawi inatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu 2024, ndipo kuyambira November 2023 achinyamata athu akhala akupita kukagwira ntchito m'minda kumeneko, malo amene anasiyidwa ndi a ku Thailand othawa nkhondo komanso a ku Palestine omwe analandidwa zitupa zogwirira ntchito. Ana athuwo nawo amathawira m'zipinda zobisalamo sairini ikalira. Ndipo kwa anzanga a kumpingo, ku Bethlehem komwe kunabadwira Ambuye kuli mu West Bank, Akhristu a kumeneko ndi a mtundu wa Palestine ndipo amaima pa marodibuloko omwewo.

Ine pa zitatuzi ndikuimabe pa yoyamba, ngakhale ikupuma movutikira. Yachitatu ingathandize ngati chokokera chabe, Saudi ikagwiritsa mawu ake osagonja. Kuleka kuwomberana komwe kunachitika mu October 2025, Qatar, Egypt ndi Turkey atathandiza America kuyanjanitsa, kunabweza ogwidwa amoyo kwawo koma sikunadule malire alionse. Ine zomwe ndikuyang'ana ndi ziwiri, ngati anthu a ku Palestine achite chisankho n'kupeza mtsogoleri mmodzi wowayankhulira Gaza ndi West Bank yomwe, komanso kadera kotchedwa E1 pakati pa Jerusalem ndi mudzi wa Ayuda wa Ma'ale Adumim mu West Bank, komwe boma la Israel linavomereza mu August 2025 kumanga nyumba zoposa 3,000. Zikamangidwa zimenezo msewu wochoka ku Ramallah kupita ku Bethlehem utsekeka ndipo West Bank iduka pawiri.