Tiasilikali ta patebulo: zogula kuno ku Nottingham ndi zomwe muli nazo kale ku Zomba

Abale anga a ku Zomba, chitumizireni chithunzi cha tiasilikali tanga pa WhatsApp, mafunso sakutha. Mphwanga wa ku Chinamwali wandifunsa katatu konse kuti, "Amalume, tizidole timeneti timagulidwa kuti?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti nonse mumve.

Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, osadziwa kuti mzinda wa Nottingham ndiye kuchimake kwa masewera a nkhondo omenyanitsa tizidole timeneti patebulo. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandikokera Loweruka lina ku Warhammer World, kudera la Lenton, komwe kuli likulu la kampani ya Games Workshop. Kampaniyi inayambira ku London mu 1975, ndipo masewera ake otchuka a Warhammer 40,000 anatuluka mu 1987. Ndinapeza holo yodzaza matebulo, abambo akuluakulu ataweramira tizidole, tepi yoyezera ili m'manja, madayisi akugubuduzika. Ndinakumbukira madoda a pa bawo kumsika wa Zomba, momwe amakhalira duu poganizira njomba zawo.

Koma mtima wanga sunagwe pa zilombo za m'mlengalenga za mu Warhammer 40,000. Unagwa pa Bolt Action, masewera a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, opangidwa ndi Warlord Games, kampani inanso ya konkuno. Kasilikali kamodzi n'kotalika mamilimita 28 basi. Nditaona bokosi la asilikali a Britain ovala makabudula, maganizo anathamangira ku chipilala chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles) chija timachidutsa pamsewu wa ku Blantyre, ndi kwa agogo athu amene ankatisimbira za ku Burma ife tili pamkeka. Ndinagula bokosilo, n'kupenta nkhope zonse zakuda, yunifolomu ya khaki. Anzanga a kuno ambiri sankadziwa kuti anyamata a ku Nyasaland anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Tsopano ndikayala gulu langa patebulo, amayamba okha kufunsa, ine n'kuwauza za Cobbe Barracks ndi za phiri lathu.

Tsono za kagulidwe. Zatsopano zimapezeka m'masitolo a Warhammer, omwe ali m'mizinda yambiri ya UK, komanso pa intaneti. Koma masitolo amenewa amagulitsa katundu wa Games Workshop yekha. Bolt Action mumaipeza kwa Warlord kapena m'masitolo a anthu wamba, omwe nthawi zambiri amatsitsako mtengo. Ine zambiri ndimatola pa eBay ndi pa Facebook Marketplace. Ndi kaunjika weniweni: munthu watopa nazo, wagulitsa gulu lonse, lina lopenta theka. Kamodzi ndinalandira phukusi mfuti zitathyokathyoka chifukwa wogulitsa anangoponya m'jumbo, choncho muzifunsa kaye kuti alongedza bwanji.

Mphwanga, mvetsetsa apa. Usawononge ndalama kuitanitsa zonse kuchokera kunja. Chofunika kuoloka nyanja ndi tiasilikali, buku la malamulo, ndi madayisi apadera olamulira asilikali, aja mumatola m'kathumba osayang'ana kuti mudziwe woyamba kusuntha. Penti wa akiriliki wa m'timabotolo, ngati Citadel kapena Vallejo, nayenso ndi wabwino, mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana poyambira. Penti wopopera ndiye ayi, saloledwa m'ndege. Njira yabwino n'kupatsira munthu amene akubwera kumudzi, chifukwa bokosi la pulasitiki sililemera; potumiza pa positi mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA zimakweza zinthu kwambiri.

Zotsalazo muli nazo kale. Tiasilikali timabwera tili tizidutswa tomatirira pa chimango cha pulasitiki, ndipo chowengera zikhadabo chimadula bwinobwino. Supaguluu ali pa okala iliyonse. Tepi ya akalipentala ili ndi mainchi, ndiwo amagwiritsidwa ntchito poyeza. Madayisi wamba ogubuduza ndi omwewo a ludo. Tebulo limakhala mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, ndiye pulayiwudi imodzi kuidula pang'ono yakwana. Mchenga wa mu mtsinje wa Likangala mukausefa n'kuumata pansi pa kasilikali umaoneka ngati nthaka yeniyeni. Utuchi wa kwa akalipentala mukauviika mu penti wobiriwira ndi udzu umenewo. Kuno anthu amalipira ndalama kugula timitengo ndi tinyumba, pamene ife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya ndi kuumba ng'ombe zadothi. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana wa ku Sadzi kapena Matawale angamange nkhalango ya ku Burma yoposa yomwe ndimaseweretsa kuno.

Mu Disembala ndikubwera ndi mabokosi awiri, lina la asilikali a Britain, lina la a Japan, kuti pakhale wolimbana naye. Mphwanga, yamba kusunga makatoni ndi timawaya, ndipo upeze anzako atatu odekha manja.