Pulogalamu yokonza njira za magalimoto: mafuta ikupulumutsadi, koma matope siiwadziwa

Timagulitsa mopikulitsa sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira, ndipo katunduyo timakasiya tokha m'maokala ndi m'magolosale a mu Lilongwe kuchokera ku Kanengo. Magalimoto tili nawo atatu. Pulogalamuyi tadutsa nayo chilimwe ndi dzinja lomwe, choncho ndikhoza kunenapo. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Kagwiridwe kake nkosavuta. Madzulo kalaliki amalowetsa maoda a mawa: malo a kasitomala, kulemera kwa katundu wake, ndi nthawi imene amatsegula. Timaiuzanso matani amene galimoto iliyonse imanyamula. Ikatero imagawa maodawo m'magalimoto ndi kundandalika poyambira mpaka pomalizira, ndipo dalaivala amaupeza mndandandawo pafoni m'mawa. Wina anganene kuti izi mutu wa munthu ungathe. Koma malo 10 okha angasanjidwe m'njira zosiyanasiyana zokwana 3,628,800, ndipo galimoto yathu imaima malo oposa pamenepo. Google Maps ndi yabwino pokulozera msewu, koma imalola malo 10 paulendo umodzi ndipo kusanja kumakhala kwa iwe mwini.

Ubwino waukulu ndauona chifukwa cha mmene mzinda uno unakhalira. Manambala a ma Area satsatana ndi malo ake. Area 25 ili kumpoto, pafupi nafe ku Kanengo, pamene Area 23 ndi Area 24 zili kutsidya lina la mzinda. Kalaliki watsopano akaona 24 ndi 25 pamainvoisi amaziika m'galimoto imodzi poganiza kuti nzoyandikana. Zotsatira zake, galimoto inkawoloka mlatho wa ku Old Town kupita ndi kubwerera masana, pamene magalimoto amakhala atathithikana. Tsopano ya Kawale, Biwi ndi Area 36 imapita ulendo umodzi osabwerera m'mbuyo, ya Likuni ndi Chinsapo payokha, inayo Area 25 mpaka Lumbadzi. Dizilo akukhalitsa m'thanki, ndipo amene anagonapo pamzere wa mafuta akudziwa kufunika kwake. Pulogalamuyi imasonyezanso katundu woyamba kupakira, kuti wotsika pomaliza akhale mkati. Anyamata aleka kugwetsa mabelo a shuga pofuna katoni imodzi ya sopo.

Koma musanalipire dziwani ichi: pulogalamuyi imafuna adiresi, ndipo makasitomala athu alibe. Mayi wa okala amakuuzani kuti "mukafika pachigayo mukhotere kumanja, pali mtengo wa mango". Kompyuta singamve zimenezo. Ena anatitumizira location pa WhatsApp, koma ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndiye madalaivala anachita kuima pakhomo la sitolo iliyonse ndi kuika chizindikiro pamapu. Ntchito imeneyi inatidyera masabata, ndipo ogulitsa pulogalamuyo saitchula n'komwe akamatsatsa. Chizindikiro chimodzi chikalakwika, mndandanda wonse umapotoka.

Chachiwiri ndi misewu. Pamapu msewu ndi msewu basi, kaya ndi wa phula kaya wafumbi. Mvula itakhazikika mu Januwale inkatumizabe lole yodzaza m'tinjira ta ku Mtandire ndi Mgona chifukwa nta chidule. Dalaivala wathu wamkulu anaimba foni: "Bwana, chinthu chanuchi chikuti ndikhote apa, koma apa pali ngalande. Ndilowe?" Mwayi wake ili ndi potsekera msewu pamapu, ndipo tikautseka imakonzanso njira nthawi yomweyo. Lachisanu lililonse timakhala pansi ndi madalaivala kuti atiuze potseka ndi potsegula. Poyamba madalaivalawo ankaida pulogalamuyi, ankati yabwera kudzawazonda, poti imaonetsa pamene galimoto ili ndi mphindi zimene yaima. Zoonadi, zonyamula matola panjira zinatha. Koma yawapulumutsanso: kasitomala akanama kuti katundu sanafike, chithunzi ndi siginecha yake zili pafoni, nkhani imathera pomwepo.

Palinso zina zimene mapu sangadziwe. Golosale ina mwini wake ndalama amakhala nazo madzulo, akagulitsa; kufika m'mawa ndiye kuti wasiya katundu pangongole. Zoterezi timaziika ngati nthawi yotsegulira, ndipo imamvera.

Netiweki ikaduka mndandanda umakhalabe pafoni, kungoti ife ku ofesi sitiona galimoto mpaka ibwerere. Bandulo siidya kwambiri, koma batire imadya. Gulani tchaja ya m'galimoto.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha malipiro. Amalipiritsa mwezi ndi mwezi pa galimoto iliyonse, m'madola, kudzera pa khadi la kubanki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense wolipira m'madola anamva kuwawa, ndipo kupeza madolawo kubanki ndi nkhondo ina payokha. Akanalola Airtel Money kapena Mpamba bwenzi zili bwino. Wa galimoto imodzi yoima malo ochepa asavutike, dalaivala wodziwa tauni akwanira. Koma ngati magalimoto ali awiri kapena atatu ndipo maoda amasintha tsiku ndi tsiku, pemphani masiku oyeserera aulere, ndipo muyambe mwasonkhanitsa malo a makasitomala masikuwo asanayambe kuwerengedwa.