Masters ya unamwino kapena MPH: ndi iti ingakupindulireni muli ku Nkhotakota?

Mwezi watha tili pa naiti, mnzanga wa kumatenite anandifunsa funso limene ndakhala ndikufunsidwa chibwerereni kusukulu: "Asisi, ndasunga kandalama. Ndikapange masters ya uzamba kapena ndilowe public health?" Tinakambirana mpaka mbandakucha, uku tikuthamangira amayi a mu leba. Zimene ndinamuuza ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti ku Dwangwa, ku Benga, ku Khombedza mpaka ku Salima kuli anamwino a digiri ambiri amene mutu ukuwazungulira ndi nkhani yomweyi.

Ndiyambe ndi mfundo imene ambiri safuna kuimva. M'boma, pepala la masters palokha silikweza munthu giredi. Kukwezedwa kumatsata mpando: mpandowo ukhalepo, aulengeze, mukachite intavyu, mupambane. Ife a m'zipatala za m'maboma tili pansi pa makhonsolo, ndipo nkhani zolemba ndi kukweza anthu zimadutsa ku Local Government Service Commission, pamene anzathu a ku Kamuzu Central kapena ku Queens amayang'ana ku Health Service Commission. Pa boma limodzi DNMO, mkulu wa anamwino ndi azamba onse, amakhala mmodzi, ndipo mipando ya umetroni mukhoza kuiwerenga ndi zala. Ine nditabwerako ndi pepala langa ndinabwerera mu wodi yomwe ija, pa rosta yomwe ija, malipiro osasintha. Zinandiwawa, koma palibe anandinamiza. Ndine amene sindinafunse ndisanapite. Choncho poyerekeza madigiriwa tisafunse kuti yapamwamba ndi iti. Tifunse kuti iliyonse imatsegula khomo liti, ndipo khomolo lili kuno kunyanja kapena ku Lilongwe.

MPH, kutanthauza Master of Public Health, masters ya zaumoyo wa anthu onse m'dera, ndiyo imene imakopa ambiri, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Inkaphunzitsidwa ku College of Medicine, imene mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Mumaphunzira mmene matenda amafalikira, kuwerengera ndi kusanthula manambala, kuyendetsa mapulogalamu a zaumoyo ndi kulemba kafukufuku. Amene munali pano nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mukukumbukira kuti m'madoko a asodzi sitinkafuna odziwa kubaya dripu okha. Tinkafunanso munthu wotha kuona pa mndandanda wa odwala kuti matendawa akuchokera pa chitsime chiti, akuyenda ndi msika uti, ndipo kolorini apite kuti poyamba. Luso limenelo ndi la MPH, ndipo ndimalilemekeza.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti simumangika ku unamwino wokha. Mukhoza kufunsira ntchito kumabungwe, kumapulojekiti a malungo, a edzi kapena a katemera, ngakhalenso kumalo a kafukufuku monga UNC Project ku Lilongwe kapena Malawi Liverpool Wellcome Programme ku Blantyre. Malipiro a kumeneko nthawi zambiri amaposa a m'boma, ndipo munthu amaiwala za naiti.

Koma walira mvula walira matope. Choyamba, pa mpando uliwonse wofuna MPH simupikisana ndi anamwino okha. Pamabwera madokotala, ma clinical officer, a zaumoyo wa m'madera, a zakudya, ngakhale a masamu. Pepala lanu la unamwino, limene mu wodi ndi chida chanu chachikulu, pa intavyu yotere limangokhala limodzi mwa mapepala ambiri. Chachiwiri, ntchito zimenezi ndi za kontrakiti, ndipo moyo wake uli m'manja mwa opereka thandizo. Tonse tinaona zimene zinachitika mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, USAID n'kutsekedwa pambuyo pake: anthu amene tinkawasirira akudutsa pa M5 m'galimoto zoyera anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ena mpaka lero. Ena mwa iwo anali atasiya ntchito ya penshoni. Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chimandikhudza kwambiri, maofesi a ntchito zimenezi ali m'tauni. Mukhoza kupeza mpando woyang'anira pulojekiti pa boma pano kwa zaka ziwiri kapena zitatu, koma mukafuna kukwera, mudzasamuka basi. Ngati muli ndi dimba la mpunga, ana ali pasukulu pano, amayi anu okalamba ali kwa Malengachanzi, muwerengere zimenezo musanalipire fizi.

Tsopano masters ya unamwino weniweni. KUHeS ili ndi zingapo: ya uzamba, ya umoyo wa ana, ya uchembere, ya unamwino wa m'madera ndi ya odwala akuluakulu. Apa mumazama pa ntchito imene manja anu akuidziwa kale. Ndipo kufunika kwake sikosowa umboni. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 amamwalira pa zifukwa za uchembere. Kuno kwathu tikudziwa tanthauzo la nambala imeneyo: mayi wataya magazi pa helefu senta, ambulansi ili kwina, mvula yadula msewu, ndipo Kamuzu Central ili kutali. Kuchokera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuchokera kuno ndi kutali kuposa apo. Mzamba wozama amene angazindikire vuto msanga, kuphunzitsa anzake pa bedi la wodwala, ndi kutsogolera bwino zokambirana za imfa za amayi kuti cholakwika chisabwerezedwe, amapulumutsa miyoyo imene pulojekiti iliyonse singaifikire.

Vuto lake ndi lakuti dongosolo lathu silinamukonzere bwino malo munthu wotereyu. Ku America namwino wa masters akhoza kukhala nurse practitioner, woona odwala ndi kulemba mankhwala payekha. Kuno ntchito imeneyo kwenikweni ili m'manja mwa ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo namwino akakwera amakwerera ku ofesi. Ndiye mumapeza kuti munthu amene waphunzira zaka ziwiri za kusamalira makanda obadwa masiku asanakwane akutha tsiku lonse akukonza rosta, kulondola ndalama za lokamu (ganyu yogwirira mashifiti osowa munthu) ndi kukhala m'misonkhano ya bajeti. Akakana ofesi n'kukhalabe ku nazale, giredi imaima. Ichi ndi chisankho chowawa, ndipo ndaona anzanga aluso kwambiri akuchoka pa bedi la wodwala misozi ili m'maso chifukwa fizi ya ana siyembekeza.

Komabe digiri imeneyi ili ndi khomo lachiwiri limene MPH ilibe mokwanira: kuphunzitsa. Apa ndi pamene ine mtima wanga wapendekera.

Makoleji ophunzitsa anamwino ndi azamba m'dziko muno ndi ambiri. Kupatula KUHeS ndi Mzuzu University, pali Malawi College of Health Sciences, pali Daeyang ku Lilongwe, ndiponso makoleji a mu CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe ndi Mulanje Mission. Onsewa amafuna aphunzitsi, ndipo sukulu ikamaphunzitsa digiri imafuna mphunzitsi wa pepala loposa digiri. Munthu wa masters ya uzamba amaphunzitsa uzamba, wa umoyo wa ana amaphunzitsa za ana. Wa MPH angapatsidwe phunziro la kafukufuku kapena la umoyo wa m'madera, koma maphunziro a pakati penipeni pa unamwino amapita kwa amene anazama m'menemo. Palinso masters ya uphunzitsi wa anamwino ndi azamba, imene imakuphunzitsani kukonza silabasi ndi kuyesa ophunzira. Kwa munthu amene watsimikiza kuti choko ndiye moyo wake, imeneyo ndi njira yachidule. Koma ngati mudakali ndi mitima iwiri, ndinganene kuti tengani ya uzamba kapena ya ana, chifukwa imakulolani kubwerera mu wodi kapena kulowa m'kalasi.

Uphunzitsi suli ngati ntchito ya pulojekiti. Malipiro ake sadzidzimutsa, zolemba zochonga zimachuluka, ndipo mumayendabe m'zipatala kutsatira ophunzira anu. Koma sukulu sitsekedwa chifukwa chakuti wina kutsidya la nyanja wasintha maganizo, ndipo kwa wofuna PhD makwerero ake ali pomwepo. Kusamuka kulipo ndithu, pakuti makoleji amenewa sali pano. Kungoti Nkhoma kapena Lilongwe ndi malo oti Lachisanu madzulo mukhoza kukwera minibasi n'kudzagona kwanu, kondowole wa Loweruka n'kudyera pakhomo.

Za kunja ndinene mwachidule, chifukwa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Kuti mukagwire ntchito ya unamwino ku UK safuna masters. Amafuna mulembetse ku NMC, bungwe lawo la anamwino ndi azamba, mukhoze mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pa kompyuta a CBT, kenako mayeso oonetsa luso la manja a OSCE mukafika komweko. Ambiri amayambira pa Band 5, giredi yoyambira ya namwino kumeneko, kaya ali ndi digiri imodzi kapena ziwiri. Dziwaninso kuti Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa maiko osowa ogwira ntchito zachipatala, ndipo malamulo a ku UK salola olemba ntchito kudzasaka anamwino kuno; munthu amafunsira yekha. Wina akabwera pa WhatsApp kuti ndi ejenti, mumupatse ndalama akupezereni malo, mukayikireni. Ngati mtima wanu uli pa ndege, ndalama ya masters ikani ku mayesowo. Ngati mukufuna kukaphunzira kunja n'kubwerera, imeneyo ndi nkhani ina: pali ma sikolashipu a Chevening, Commonwealth ndi Beit Trust. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirako ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri.

Pa nkhani ya ndalama, madigiri awiriwa amasiyana pa kaphunziridwe kake kuposa pa fizi. MPH ambiri amaiphunzira akugwirabe ntchito, kupita kusukulu kwa masabata angapo n'kubwerera, ndipo kafukufuku wake mukhoza kuchitira pa boma lanu lomwe. Masters ya uzamba kapena ya ana imafuna maola ambiri m'mawodi a zipatala zazikulu, kutanthauza kuti mudzafunika tchuthi cha maphunziro, nyumba ya lendi m'tauni, ndi munthu wokusungirani pakhomo. Tchuthicho muchipemphe mwa kalata ndipo yankho likhale lolembedwa musananyamuke. Akakulipirirani kapena mukamalandirabe malipiro, yembekezerani kusainira bondi, ndipo muiwerenge yonse. Pokonza bajeti musaiwale kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mnzanga wina anayamba sukulu atawerengera zonse bwinobwino, koma chaka chachiwiri thiransipoti ndi lendi zinamuthawa, mpaka anakalowa kwa a katapila. Banki m'khonde kapena SACCO ingakuthandizeni pa temu imodzi, koma musamange digiri yonse pa ngongole poyembekezera kuti malipiro adzakwera tsiku la gradueshoni.

Chinanso, masiku ano pa Facebook pamadutsa masukulu ambiri a pa intaneti otsatsa masters yotchipa ya chaka chimodzi. Ena ndi enieni, ena ayi. Musanatumize tambala, funsani ku National Council for Higher Education ngati pepalalo adzalizindikira, ndipo ngati ndi la unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Laisensi yanu musaisiye ife chifukwa muli kusukulu kapena mwalowa ofesi. Pitirizani kusonkhetsa mapointi a CPD (maphunziro owonjezera muli pa ntchito) ndi kulipira laisensiyo, pakuti tsiku limene pulojekiti idzatha, laisensiyo ndi imene idzakupezereni lokamu.

Ndikaika zonsezi pa sikelo, ndimaona chonchi. Ngati manambala amakusangalatsani, simuopa kusamuka, ndipo mungapirire miyezi ingapo yopanda malipiro pakati pa makontrakiti awiri, MPH ikuyenerani, makamaka mukaiwonjezera luso lenileni losanthula data pa kompyuta, chifukwa pepala lokha ali nalo ndi ambiri. Koma ngati mukalowa mu leba mtima wanu umakhala m'malo, ngati ana asukulu akabwera kudzaphunzira amakonda kutsatira inuyo, tengani masters ya unamwino. Phindu lake limachedwa, ndipo zaka zoyamba mwina mudzangomva anthu akukutchulani kuti "asisita ophunzira aja" popanda chosintha pa pay slip. Koma mipando ya u DNMO, ya uphunzitsi ndi ya ku likulu la unduna ikatuluka, dzina lanu limakhala ndi mphamvu, ndipo pa nthawi yonse yodikirayo amayi a kuno amakhala akupindula ndi zimene munaphunzira.

Mnzanga uja sanandiyankhe usiku umenewo. Patapita masabata awiri anandipeza ku famase n'kundiuza kuti wasankha uzamba, koma adikira chaka chimodzi kuti amalize ngongole ya malata ndi kupeza kalata ya tchuthi. Pakadali pano wayamba kulemba m'kope amayi onse otaya magazi amene amabwera kuchokera m'mahelefu senta, nthawi imene ananyamuka ndi nthawi imene anafika. Akuti mutu wa kafukufuku wake udzachokera m'kope limenelo.