Nsapato za basketball za pa salaula: kodi zimateteza akakolo?

Pa salaula (malonda a zovala zovalidwa kale) ku Soweto Market ndi ku Kamwala mumzinda wa Lusaka zimapezeka nsapato zabwino za Nike ndi Adidas pamtengo wotsika kuposa wa m'masitolo a ku Manda Hill, koma zambiri zinatha kale mphamvu ngakhale zikuwala.

Musanyengeke ndi khosi lalitali la nsapato. Osewera ambiri amabinya kakolo akadumpha n'kutera pa phazi la mnzawo, phazi n'kupindikira m'kati. Chothandiza kwambiri ndi kumbuyo kogwira chidendene. Finyani pamenepo ndi zala ziwiri, pakafewa, isiyeni. Kenaka igwireni kutsogolo ndi kumbuyo muipotoze ngati mukufinya nsalu. Yabwino imakana, imangopindika pa zala pokha.

Vuto lalikulu la nsapato yovalidwa kale lili pansi. Ikeni pa malo osalala muiyang'ane chakumbuyo. Ikapendekera kunja, siponji yam'kati inaphwanyika mbali imodzi, ndipo idzakankhira phazi lanu komwe limabinyikira. Yotereyo musagule ngakhale akutsitsireni mtengo. Pansi pakhale potambalala, makamaka chakuchala chaching'ono.

Mabwalo ambiri muno ndi a simenti ndiponso afumbi, choncho sankhani labala yolimba ya mizere yozama yokhotakhota. Yofewa imatha msanga.

Yesani madzulo mapazi atatupako, mutavala masokosi osewerera. Kutsogolo kutsale pafupifupi sentimita 1, ndipo mukamanga zingwe mpaka bowo lomaliza chidendene chisanyamuke poyenda.

Amene anabinyapo kale asadalire nsapato yokha. Avale chomangira kakolo cha zingwe, ndipo apite nacho pokayesa chifukwa chimadya malo m'nsapato.