Noah ya rampu kumbuyo: chaka ndi miyezi itatu tikunyamuliramo atate

Anthu angapo kutchalitchi akhala akundifunsa za motoka imene timanyamulira atate, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere. Ndi Toyota Noah ya 2012, ija amati Welcab, yokhala ndi rampu kumbuyo yokwezera wilitcheya, ena amati chikuku.

Atate anadwala sitiroko, mbali yakumanzere sigwira, ndipo ndi munthu wamtali, wathupi lake. Tisanagule motokayi ulendo wa ku fizo (kolimbitsa thupi la wodwala) ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka muno, inali nkhondo. Kuitana takisi, dalaivala angoona wilitcheya nkhope yasintha kale, ine ndi mng'ono wanga kuwagwira m'khwapa ngati tikukweza thumba la chimanga iwo akungoti "pang'onopang'ono ana inu", kenako wilitcheya ikane kulowa m'buti timange ndi chingwe. Za minibasi musanene n'komwe. Chimene chinandiwawa si msana wanga ayi, koma tsiku limene anati "ndisiyeni pakhomo pano, ndikukuvutitsani", munthu amene kale sankakhala pansi.

Poyamba ndinatsala pang'ono kutaya ndalama. Pa intaneti chilichonse chimaoneka bwino, ndipo Welcab si mtundu umodzi. Pali ina imene mpando wakutsogolo umazungulira n'kutsikira panja, monga ma Porte ndi ma Ractis ena, mtengo wake wabwinoko, ine mtima unali utagwa kale pamenepo. Anandibweza ndi amayi a ku fizo. Anangofunsa kuti "kodi atate anu angachoke okha pa wilitcheya kupita pampando?" Ndinati iyayi. "Nanga mpando wozungulirawo ukuthandizani chani, si muziwanyamulabe?" Ndinangoti kukamwa yasa. Mtundu umenewo ndi wa munthu amene amatha kuimirira pang'ono n'kusuntha, osati ngati atate.

Ndinaganizakonso za Hiace ya lifti. Malo ndi ambiri zedi koma mafuta, komanso ndinadzifunsa kuti lifti ikakana muli pakati pa Cairo Road munthu mumutsitsa bwanji. Rampu ngakhale magetsi atavuta mumaitsitsa ndi manja n'kukankha. Sienta ya rampu, ya 1.5, tinaipeza pa yadi ina m'tauni muno ndipo tinapita ndi atate omwe kukayesa. Wilitcheya inalowa bwinobwino, koma pakhomo chipewa chawo chinagwa, m'kati anakhala chowerama ngati ali pamaliro. Wogulitsa ati "azazolowera bwana". Azolowere kuwerama mpaka kumudzi ku Chipata?

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuyenda ndi tepi m'thumba, ndipo ngati pali chimene mungatolepo apa ndi chimenechi. Muyeze munthu wanu atakhala pa wilitcheya yake yeniyeni ndi khushoni yake, kuchokera pansi mpaka pamutu. Muyeze m'lifupi kunja kwa matayala, kumene manja amagwira, osati pampando. Muyezenso kuchokera kumbuyo mpaka ku zala zakumapazi, chifukwa zopondera zija zimatuluka kutsogolo kuposa mmene munthu umaganizira. Mukatero wogulitsa akutumizireni chithunzi tepi ili pakhomo lakumbuyo, akakana musakakamire, motoka ndi zambiri.

Yathu inachokera ku Japan, inatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Za msonkho pitani nokha ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndi ku ZAPD, bungwe loona za anthu olumala lija, mukafunse motoka isanakwere sitima, musadalire za m'kamwa mwa ejenti. Wanga anandikhumudwitsa pa chinthu china. Wilitcheya imamangidwa malo anayi, malamba awiri kutsogolo ndi ngowe ziwiri kumbuyo, kuwonjezera lamba wa munthu mwiniwake. Motoka inafika ngowe imodzi palibe, rimoti ya winchi, makina okokera wilitcheya m'kati, palibenso. Nditafunsa ati "zija ndi zingwe chabe, mangani ndi lamba wa katundu". Lamba wa katundu pa atate anga? Tinadikira pafupifupi mwezi kuti zina zibwere, motoka ili duu pabwalo. Cholakwa changa ndi chakuti sindinapemphe vidiyo yoonetsa rampu ikutsika, winchi ikukoka ndi malamba onse atayalidwa.

Tsopano zabwino zake. Ukatsegula chitseko chakumbuyo n'kudina batani matako a motoka amatsika pang'ono kuti rampu isakhale phiri, umakoka rampu, kukola malamba akutsogolo, winchi ija n'kumakoka pang'onopang'ono iwe ukungowongola. Amai ali ndi zaka 68 koma amachita okha ine ndili kunchito, mphindi zisanu atate alowa amangidwa. Mabatani onse ndi a Chijapani, tinawerenga ndi kamera ya foni n'kumata timapepala ta Chinyanja, "kutsitsa", "kukoka", "kumasula". Injini ndi ya 2.0, mafuta siimwa mopweteka, ndipo poti ma Noah ndi ma Voxy ali mbwee mu Lusaka makanika wathu wa ku Chilenje amaidziwa ngati m'thumba mwake, masipeya a injini ndi mabuleki savuta. Za rampu ndi winchi ndiye simungazipeze pa shelefu, muziyang'anire ngati dzira.

Chimene muyenera kudziwa ndi chakuti kumbuyo pansi pake anapatsitsa kuti wilitcheya ikwane, ndipo anaipangira misewu ya kwawo, osati mahampu athu. Sabata yoyamba ndinalowa hampu ina ya m'komboni mwa chizolowezi changa, inalira khwee! mpaka atate anati "waipha". Pano hampu iliyonse ndimakwera chopingasa ngati nkhanu, akumbuyo aziliza mahutala awo ine ndilibe nazo. Nthawi ya mvula kumene kumadikha madzi ngati ku Kanyama sindiyerekeza n'komwe. Komanso wa pa wilitcheya amakhala cha pamwamba pa matayala akumbuyo, dzenje limene iwe dalaivala sunalimve iye lamugwedeza mpaka m'mano.

Mipando yakumbuyo imapindidwira m'mbali ndiye musawerengere anthu asanu ndi awiri, ndipo buti palibe, katundu ndi pamiyendo. Poimika pamafunika malo kumbuyo okwana rampu ndi wilitcheya. Ku mamolo malo a olumala alipo, koma kangati ndapeza munthu wa miyendo yake iwiri waimikapo ati ndikungogula buledi. Wailesi yake imathera pa 90, ya ku Japan ndi mmene ilili, masiteshoni ambiri athu osagwira, ndinachita kuikitsa ka ekisipanda, kachipangizo kothandiza kuti iziwagwira, chifukwa atate popanda nyuzi ndi mlandu.

Ndingaigulenso? Mawa lomwe, bola wilitcheya ndi munthu wanu zikwane pa tepi.

Mu Ogasiti tinapita nayo kumudzi kufupi ndi Chipata, makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Inabwera yopanda tayala la sipeya, kabotolo ka mankhwala omatira pankchala basi, ndiye ndinagula tayala lathunthu n'kulimangirira kuseri kwa mpando wanga, mng'ono wanga anakhala mawondo ali kuchibwano njira yonse akudandaula. Pa Luangwa tinaima. Ndinati ndikagule nsomba zouma ndibwere, atate ati iyayi nditsitseni, inu amakuberani. Tinatsitsa rampu pafumbi pomwepo, ndinawakankha mpaka pa thebulo la amayi ena, anatenga nsomba imodzi ndi dzanja lamanja n'kuinunkhiza, kuitembenuza, n'kufunsa mtengo. Atamva anaibweza pansi ati "tiyeni kwa enawo".