Maphunziro a zipembedzo ndi mtendere aja, patapita miyezi 10

Nditangotha mwezi woyamba wa maphunzirowa ndinalemba ndemanga yowatamanda kwambiri, moti ndikaiwerenga lero ndimachita kamanyazi. Anali a pa intaneti, a miyezi 6, okhudza momwe zipembedzo zimakolezera kapena kuziziritsira mikangano. Tsopano papita miyezi 10 chimalizireni, ndipo zomwe ndinaphunzirazo ndaziyesa pa mkangano weniweni. Ndiye pali zoti ndikonze.

Mkanganowo ndi wa tchalitchi ndi mzikiti zomwe zayandikana kwambiri. Dandaulo lomwe linabwera ku komiti yathu linali la zokuzira mawu: awa akuti enawo akuwasokoneza pa mapemphero, enawonso akuti ayi, ndi iwowo. Anandisankha kukhala mlembi atamva kuti ndinaphunzirako za kuyanjanitsa anthu, ndipo ine ndinavomera mwamsanga ngati munthu amene wagula khasu latsopano akufuna pokalimira.

Pa msonkhano woyamba ndinapachika chipepala chachikulu n'kujambulapo mtengo, monga anatiphunzitsira: mizu ndiyo zoyambitsa mkangano, thunthu ndilo vuto lenileni, nthambi ndizo zotsatira. Mkulu wina wa ku mzikiti anauyang'ana mtengowo kwa nthawi, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga ifeyo mwatiika pa nthambi iti, bambo?" Anthu anafa nacho chiseko. Chipepalacho ndinachipinda, ndipo mpaka lero chili kuseri kwa kabati. Zojambula zimenezi ndizo ndinazitamanda kwambiri m'ndemanga yoyamba ija. Zimathandiza ukakhala wekha usiku ukuyesa kumvetsa nkhani, koma pamaso pa anthu okwiya zimaoneka ngati wabwera kudzawaphunzitsa za moyo wawo womwe.

Chomwe chakhalitsa ndi chinthu chomwe poyamba ndinkachiona ngati kusewera ndi mawu chabe. Johan Galtung wa ku Norway, amene anayambitsa bungwe lofufuza za mtendere ku Oslo mu 1959, anasiyanitsa mitundu iwiri ya mtendere. Wina ndi woti anthu sakumenyana basi. Wina ndi woti zomwe zikanawamenyanitsa zakonzedwa ndipo pali chilungamo. Anthu athuwa sanaponyerane mwala ndi kamodzi komwe, choncho aliyense ankati kuli mtendere, vuto ndi phokoso lokha. Koma titayamba kukumana ndi mbali iliyonse payokha, kwa masabata angapo, panatuluka zina. Mpanda womwe mbali ina inamanga zaka zapitazo unalowa pang'ono m'malo a anzawo, ndipo nkhaniyo inangokwiriridwa. Komanso tsiku lina kuli maliro mbali ina, enawo sanachepetse nyimbo. Mlandu suola. Phokoso linali chabe chinthu chomwe munthu akanatha kudandaula nacho popanda kutchula zopweteka zenizenizo, ndipo pa misonkhano yonseyi palibe anatsutsapo chiphunzitso cha mnzake.

Apa maphunzirowa ndimawayamikabe, chifukwa anatizolowetsa kufunsa kaye ngati mkangano wotchedwa wa chipembedzo ulidi wa chipembedzo. Chitsanzo chawo chinali Northern Ireland, kumene anthu ankatchedwa Akatolika ndi Apulotesitanti, pomwe ankalimbirana zoti dzikolo likhale mbali ya Britain kapena ya Ireland, komanso za ntchito, nyumba ndi mavoti. Pangano la mu April 1998 silinaweruze za chiphunzitso chilichonse, linakonza zogawana ulamuliro.

China chomwe chandithandiza ndi ganizo la John Paul Lederach, katswiri wa za kuyanjanitsa anthu, loti atsogoleri ali m'magulu atatu: apamwamba, apakati ndi a m'munsi, ndipo apakatiwo ndiwo amafikira mbali zonse. Ine ndinataya miyezi iwiri ndikuthamangira abusa ndi ashehe. Onse ndi anthu abwino, amapatsana moni mwansangala, koma aliyense amaopa kuoneka wofooka pamaso pa anthu ake. Nkhani inayamba kuyenda pamene amayi awiri otsogolera anzawo, mmodzi mbali iyi wina mbali inayo, anayamba kuyenderana paokha. Ndinakumbukira amayi a ku Liberia, Achikhristu ndi Achisilamu, amene motsogozedwa ndi Leymah Gbowee anakakhala pakhomo la chipinda cha zokambirana zothetsa nkhondo ya m'dziko lawo ku Accra mu 2003 kuti amuna asatuluke osagwirizana.

Koma pali pamene maphunzirowa anatikometsera zinthu mopitirira. Nkhani ya kutha kwa nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique anaifotokoza ngati chozizwitsa cha anthu opemphera. N'zoona kuti gulu la Akatolika la Sant'Egidio la ku Rome linachita zazikulu. Zokambirana zinayamba mu July 1990, amkhalapakati anali Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndipo pa 4 October 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo lomwe linkamenyana ndi boma, anasaina pangano. Kudekha kwa zaka ziwiri zoposazo ndi phunziro lalikulu, ndipo ndimalikumbukira ndikatopa ndi komiti yathu. Chomwe anangochidumpha n'chakuti nthawi imeneyo mbali zonse zinali zitatopa, chilala chinali chitavuta, ndipo amene ankathandiza nkhondoyo kuchokera kunja anali akusiya. Sanatiuzenso mokwanira kuti mfuti zinaliranso kuyambira 2013, mpaka panafunika pangano lina mu August 2019. Izi ndinadzaziwerenga ndekha, ndipo zinandikhumudwitsa kuti wophunzira angatuluke akuganiza kuti mtima wabwino ndi pemphero n'zokwanira.

Za Rwanda anangopatula sabata imodzi. Mu 1994, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu a mtundu wa Atutsi, anthu anathawira m'matchalitchi ngati la Ntarama poganiza kuti apulumuka, n'kuphedwera momwemo, ndipo atsogoleri ena a mipingo anadzapezeka olakwa m'makhoti. Anatchulako mfundo ya Scott Appleby, katswiri wa mbiri ya zipembedzo, yoti chikhulupiriro chomwecho chikhoza kutulutsa wakupha komanso woyanjanitsa, koma sanakhalitsepo. Ndikanakonda atachotsa sabata imodzi ya zojambula zija n'kuipereka kuno. Nkhani ya Imam Muhammad Ashafa ndi M'busa James Wuye a ku Kaduna m'dziko la Nigeria ndiyo inafika pafupi ndi zimenezi. Awiriwa anali m'magulu olimbana, Wuye anaduka dzanja, Ashafa anataya mphunzitsi wake ndi abale, kenako anayamba kugwirira ntchito limodzi. Kanema wawo ndinamuonetsa anyamata a mbali zonse, ndipo anakhala chete kuposa momwe anachitira ndi chilichonse chomwe ndinanenapo ine.

Za kayendetsedwe sindichulutsa. Makanema ena ndi aatali mosafunikira. Malo ocheza ophunzira anazizira pofika mwezi wachitatu, tinatsala anthu ochepa olembamo. Ndemanga za aphunzitsi zinkabwera mochedwa, nthawi zina titayamba kale mutu wina. Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti titangomaliza anatitsekera laibulale ya pa intaneti, choncho ngati mukuyamba, sungani zowerenga zonse pa kompyuta yanu isanafike sabata yomaliza. Zolemba zambiri ndi za akatswiri a ku Ulaya ndi America, ngakhale mikangano yomwe akukamba ndi ya kwina.

Kodi ndingalimbikitse wina kuwachita? Ngati muli kale pakati pa anthu okangana, eya, chifukwa mudzadziwa choti mutenge ndi choti musiye. Ngati mukufuna satifiketi kuti mukayambe kuyanjanitsa anthu mawa lake, mudzakumana ndi mkulu wanu wofunsa za nthambi.

Kwathuku mbali ziwirizi zinagwirizana zodziwitsana kukakhala maliro kapena mwambo waukulu, ndipo kwa miyezi inayi tsopano zokuzira mawu zikuchepetsedwa pa nthawi zomwe tinalemba. Mpanda uja ukadali pomwepo. Nkhani yake yaikidwa pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo amayi awiri aja andipempha kuti tsikulo ndingobwera ndi kope ndi cholembera.